Kuwerenga maliro pamalire a Entre Lagos: mafunso ndi mayankho

Entre Lagos ndi tauni yaing'ono ya m'boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Kumpoto kwake kuli nyanja ya Chiuta, kummwera kuli Chilwa, ndipo ukangolumpha malire wafika pa Nayuchi m'boma la Machinga. Njanji yochokera ku Nacala inafika pamenepa mu 1970, ndipo lero mumadutsa sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, amagulitsana matemba ndi mpunga, ndipo wina akatisiya amakakhuzana maliro mosayang'ana mbendera. Koma m'mabuku a ziwerengero ali m'mayiko awiri, ndipo ambiri mwa omwalira awo salowa m'buku lililonse.

Akamati chiwerengero cha imfa chatsika kapena chakwera, amakhala akuwerenga chiyani?

Pali miyezo ingapo, ndipo pa wailesi nthawi zambiri amangoisakaniza. Woyamba ndi wa anthu onse: pa anthu 1,000 aliwonse, ndi angati amwalira m'chaka chimodzi. Wachiwiri ndi wa ana: pa ana 1,000 obadwa amoyo, ndi angati safika mwezi umodzi, chaka chimodzi, kapena zaka zisanu. Wachitatu ndi wa uchembere, umene amauwerengera pa ana 100,000 obadwa amoyo chifukwa imfa zoterezi n'zochepa kuyerekeza ndi za ana. Wachinayi ndi zaka zimene khanda lobadwa lero lingayembekezere kukhala ndi moyo. Kalembera wa mu 2017 wa bungwe la boma la INE, lomwe ndi Instituto Nacional de Estatística, anapeza kuti ku Mozambique kunali anthu 27.9 miliyoni, kuti pa anthu 1,000 aliwonse ankamwalira 11.8 pachaka, kuti makanda pafupifupi 67 pa 1,000 sankakwanitsa chaka, ndiponso kuti zaka zoyembekezeka zinali 53.7.

Nanga amawadziwa bwanji manambala amenewa, popeza maliro ambiri kumudzi salembedwa?

Boma silinawerenge mitembo. Linafunsa amoyo. Lamulo limati imfa iliyonse ikalembetsedwe ku ofesi ya Registo Civil, koma imfa zambiri za kumidzi zimachitikira pakhomo kapena panjira yopita kuchipatala, ndipo chilolezo chimene abale amafuna ndi cha mfumu choti akumbe manda, osati pepala la ku Insaca, komwe kuli likulu la boma la Mecanhelas. Asilamu amaika maliro mwamsanga, kawirikawiri tsiku lomwelo. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta amakaliika amayi okhaokha mwakachetechete, popanda kulira mokweza, ndipo patapita zaka mayi ake akafunsidwa kuti anabereka ana angati, ena salitchulanso.

Motero akatswiri amadzera njira zina. Pa kalembera, amene wachitika mu 1980, 1997, 2007 ndi 2017, amafunsa khomo lililonse ngati pamwalira munthu m'miyezi 12 yapitayo. Pa kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa IDS, wa mu 1997, 2003, 2011 ndi 2022 mpaka 2023, amasankha makomo masauzande angapo m'dziko lonse n'kufunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 za mwana aliyense amene anabereka: anabadwa liti, ali moyo kapena ayi, ngati anamwalira anali ndi msinkhu wanji. Pofuna kudziwa imfa za uchembere amafunsa za achemwali ndi ang'ono ake a mayiyo. Kuyambira cha mu 2018 panabweranso ndondomeko ya COMSA, ya bungwe la Instituto Nacional de Saúde ndi INE mothandizana ndi Johns Hopkins University, imene inaika anthu olemba mimba, kubadwa ndi imfa m'madera osankhidwa 700 m'zigawo zonse.

Ndiye ku Entre Lagos kwenikweniko kumamwalira anthu angati pachaka?

Kafukufuku wa mtundu wa IDS sapangidwira kuyankha funso limeneli. Makomo amene amafunsidwa amakwanira kunena za dziko lonse ndi za chigawo ngati Niassa, koma osati za tauni imodzi. Chimene munthu angachite ndi masamu chabe. Boma la Mecanhelas linali ndi anthu pafupifupi 300,000 mu 2017, ndipo mukawawerengera pa muyezo wa dziko lonse uja mupeza maliro pafupifupi 3,500 pachaka, kutanthauza asanu ndi anayi kapena khumi tsiku lililonse. Nambala imeneyi musapite nayo kumsonkhano ngati umboni, chifukwa muyezo wa dziko lonse umaphatikiza Maputo, komwe kuli zipatala zazikulu, ndi madambo a m'mbali mwa Chiuta, komwe mvula ikagwa msewu umasanduka thope.

Malire amasokonezanso. Wodwala amapita kumene akuona kuti n'kufupi kapena kumene wamva kuti mankhwala alipo. Mayi wa mbali ya Mozambique akamwalirira pachipatala cha ku Malawi, imfa yake imalembedwa m'buku la ku Malawi, mwina ndi dzina la mudzi wa achibale amene anafikirako, pamene manda ake ali kwawo. Msodzi wa ku Zomba kapena Phalombe akamwalirira pagombe la kummawa kwa Chilwa, anzake amaolotsa mtembo pabwato ndipo palibe ofesi ya dziko lililonse imene imamva.

Akuti imfa zachepa, koma ife sabata satha osapita kumanda. Akutinamiza?

Ayi, zonse ziwiri n'zoona. Mu 1997 muyezo unali 21.2 pa anthu 1,000, ndipo dziko linali ndi anthu pafupifupi 16 miliyoni. Chulukitsani, mupeza maliro pafupifupi 340,000 pachaka. Mu 2017 muyezo unatsika kufika pa 11.8, koma anthu anali 27.9 miliyoni, ndipo maliro akutuluka pafupifupi 330,000. Adzukulu okumba manda ntchito sinawachepere. Chasintha n'chakuti maliro omwewo akuchokera m'khamu la anthu lochuluka pafupifupi kawiri.

Kusintha kwakukulu kuli pa ana. IDS ya mu 1997 inapeza kuti ana 201 pa 1,000 ankamwalira asanafike zaka zisanu, ndiye kuti mwana mmodzi mwa asanu aliwonse. Mu 2003 anali 153, mu 2011 anali 97, ndipo pa kafukufuku wa 2022 mpaka 2023 anali 60. Funsani agogo anu kuti anabereka ana angati ndipo anakula angati, kenako mufunse mlongo wanu. Katemera wa chikuku ndi kafumbata, maneti, mankhwala atsopano a malungo, thanzi ORS ndi mankhwala oteteza mwana ku HIV ya mayi ake ndi zimene zachita ntchito imeneyi, pamodzi ndi kutha kwa nkhondo.

Pamene pakuvuta ndi pa mwezi woyamba. Mwa ana 60 aja, 24 amamwalira asanakwanitse masiku 28. Amenewa neti kapena katemera siziwapulumutsa. Amafa chifukwa chobadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kapena matenda olowera pamchombo, ndipo chimene amafunika ndi mzamba wophunzira, magetsi, mpweya ndi galimoto yothamangira nayo.

Zaka 53.7 zija, ndiye kuti ndikafika 54 ndiyambe kutsanzika?

Ayi ndithu. Nambala imeneyi ndi ya khanda lobadwa kumene, ndipo imakokedwera pansi ndi imfa za ana. Tiyerekeze anthu awiri, wina wamwalira ali ndi chaka chimodzi, wina ali ndi zaka 80. Mukagawa pakati mupeza zaka pafupifupi 40, koma palibe mmodzi wa iwo amene wamwalira ali ndi zaka 40. Munthu amene wadutsa ubwana, wadutsa zaka zobereka, ndipo ngati ali ndi kachilombo akumwa mankhwala mokhulupirika, ali ndi mwayi waukulu wofika m'zaka za m'ma 70. Mu 1997 nambalayi inali 42.3, mu 2007 inali 50.9. Amayi amaposa abambo: mu 2017 amayi anali pa 56.5, abambo pa 51.

Kodi chimapha anthu ambiri ndi Edzi?

Zimadalira msinkhu ndi dera. Pambuyo pa kalembera wa mu 2007 boma linachita kafukufuku wotchedwa INCAM, wobwerera kumakomo amene ananena kuti pachitika maliro. Anapeza kuti malungo anapha anthu 29 pa 100 aliwonse omwalira, Edzi 27. Pakati pa ana osafika zaka zisanu malungo okha anatenga oposa 40 pa 100, pamene pakati pa akuluakulu Edzi ndi imene inali patsogolo. Nthawi imeneyo ma ARV anali asanafalikire kumidzi, ndipo kuyambira apo imfa za Edzi zatsika kwambiri.

Ku Niassa nkhani ya kachilombo siikulu ngati kummwera. Kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anapeza kuti m'dziko lonse akuluakulu 12.5 pa 100 ali ndi HIV, ku Gaza oposa 20, ku Niassa pafupifupi 8. Koma pa malungo zinthu n'zosiyana. Mu 2018, atayeza magazi a ana aang'ono m'dziko lonse, 39 pa 100 anapezeka ndi tizilombo ta malungo. Ku Niassa anali pafupifupi theka la ana onse, pamene mumzinda wa Maputo anali mmodzi pa 100. Amene amadziwa malo a pakati pa Chiuta ndi Chilwa sangadabwe. Dambo lomwe limabereka mpunga ndi nsomba limaberekanso udzudzu, ndipo neti imene inaperekedwa kuti mwana azigonamo nthawi zina imakathera kumadzi kukokera timatemba. Ine sindithamangira kudzudzula bambo wochita zimenezo, chifukwa njala ya lero amaiona ndi maso pamene malungo a mawa sawaona, koma mtengo wake amalipira ndi mwana.

Taonani kusiyana kwa manambala a malungo. Zaka zaposachedwapa Unduna wa Zaumoyo ku Mozambique wakhala ukulengeza imfa za malungo zosafika 500 pachaka, pamene bungwe la WHO limayerekeza kuti ndi pafupifupi 20,000. Palibe akunama. Unduna ukunena za omwalirira m'zipatala, WHO ikuwerengeranso amene anamwalirira pamphasa.

Popanda dokotala woyeza mtembo, amadziwa bwanji chimene chinapha munthu?

Amafunsa amene anadwazika. Wofufuza amabwera patapita nthawi maliro atatha, ndi mafunso okonzedwa kale: thupi linkatentha masiku angati, ankatsokomola, ankabanika, anakomoka, khosi linauma, anali woyembekezera, anaonda kwa miyezi ingati. Mayankhowo amawaunika madokotala kapena kompyuta n'kutchula matenda amene akuoneka kuti ndiwo anapha. Njira imeneyi imagwira bwino pa ngozi, pa imfa za uchembere ndi pa matenda a zizindikiro zoonekeratu. Pa kutentha thupi imaphonya, chifukwa kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timati malungo, pamene kungakhale chibayo kapena matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake ku Manhiça ndi ku Quelimane kuli ntchito ya CHAMPS, yomwe makolo akalola amatenga tizidutswa tating'ono ta m'thupi la mwana womwalira ndi singano n'kukapima. Zotsatira zake zasonyeza kuti ana ambiri amafa ndi zinthu zingapo pamodzi, monga kunyentchera kumene kwakumana ndi chibayo.

Nanga imfa zadzidzidzi, munthu wagona bwinobwino osadzuka, zimene ambiri amati pali dzanja la munthu?

Wofufuza salemba ufiti, amalemba zizindikiro, ndipo zizindikiro za imfa zoterezi nthawi zambiri zimaloza ku kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ku Mozambique ali ndi vutoli, ndipo patapita zaka khumi anali pafupifupi 39 pa 100. Ambiri sadziwa, chifukwa silipweteka. Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika, pakamwa n'kupotoka, mbali imodzi n'kufa. Anthu amaganiza kuti awa ndi matenda a mabwana onenepa a m'tauni, koma mlimi woonda amene amadya nsomba zamchere tsiku ndi tsiku nayenso amagwa nawo. Banja likathera miyezi kufunafuna amene anaponya nyundo, palibe amene amakumbukira kukayezetsa abale otsalawo.

Kolera, anamondwe ndi nkhondo, si zimenezi zimene zimakweza chiwerengero?

Nkhondo inakwezadi. Pakati pa 1977 ndi pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992, akuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ambiri osati ndi chipolopolo koma ndi njala ndi matenda, zipatala zitatenthedwa ndi minda itasiyidwa. Enanso oposa miliyoni anathawira ku Malawi.

Kolera ndi mlendo wodziwika m'mbali mwa Chilwa, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, amene amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. Mliri waukulu wa ku Malawi unayambira ku Machinga mu March 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700. Mbali ya Mozambique unaonekera koyamba m'boma la Lago ku Niassa mu September chaka chomwecho, n'kufikanso ku Mecanhelas. Namondwe Idai anapha anthu oposa 600 ku Mozambique mu March 2019. Izi ndi imfa zowawa, koma ziikeni pambali pa maliro oposa 300,000 a chaka chilichonse. Namondwe amalengezedwa pa wailesi chifukwa amapha ambiri tsiku limodzi. Malungo, chifuwa chachikulu, kutsegula m'mimba ndi uchembere zimapha mmodzimmodzi, chaka chonse, ndipo zimaposa namondwe kutali. Kuopsa kwenikweni kwa namondwe pa ziwerengero kumabwera pambuyo, milatho itakokoloka, zitsime zitadzaza zonyansa, mbewu zitapita.

N'chifukwa chiyani amayi akumwalirabe pobereka pamene ambiri akuchilira kuchipatala?

Kuchilira kuchipatala ndi kupulumutsidwa ndi zinthu ziwiri. Zimene zimapha kwambiri ndi kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, mwana kukanika kutuluka, matenda olowa pambuyo pobereka, ndi kuchotsa mimba mobisa. Mayi amene wayamba kutaya magazi atangobereka angathe kumwalira m'maola awiri okha. Chipatala chaching'ono chingamuthandize kubereka bwinobwino ngati zonse zili bwino, koma opaleshoni ndi kuika magazi zimafuna chipatala chachikulu. Kuchokera pa Entre Lagos kufika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 77 panjanji, ndipo njanjiyo inakonzedwera malasha, osati odwala. Kuchedwa kumayambira pakhomo, podikira amalume kapena apongozi kuti alole, kumapitirira panjira posaka njinga yamoto ndi ndalama ya mafuta, n'kukathera pachipatala ngati magazi kulibe.

Msinkhu wa mayi ndi kuchuluka kwa mimba zimawonjezera. Niassa ndi chimodzi mwa zigawo zobereka kwambiri, pafupifupi ana asanu ndi awiri pa mayi mmodzi, pamene dziko lonse lili pa 4.9. IDS ya mu 2011 inapeza kuti atsikana 48 pa 100 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo inaletsa maukwati oterewa. Lamulo lilipo, koma mtsikana wa zaka 15 amene chiuno chake sichinakhwime akupezekabe m'chipinda chochilira. Mozambique ili ndi chinthu chimodzi choyenera kuyamikiridwa pano: kuyambira mu 1984 yakhala ikuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu amene si madokotala athunthu koma amachita opaleshoni, ndipo ndi amene amang'amba amayi ambiri m'zipatala za kumidzi. Nyumba zodikirira amayi apakati pafupi ndi zipatala nazonso zimathandiza, pokhapokha mayiyo akhale ndi womusiyira ana ndi ufa wopita nawo.

Kodi tsidya la Malawi zinthu zili bwino kuposa kuno?

Mayiko awiriwa ayenda ulendo wofanana, Malawi ali patsogolo pang'ono. Ku Malawi ana omwalira asanafike zaka zisanu anali 234 pa 1,000 mu 1992, 112 mu 2010, ndi 63 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Mozambique inafika pa 60 patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Kusiyana kwake sikuli pa chuma, chifukwa onse ndi osauka. Malawi ndi dziko lothithikana, ndipo mlangizi wa zaumoyo mmodzi amafikira makomo ambiri pa njinga yakapalasa. Niassa yokha ndi yaikulu kuposa Malawi yense, koma mu 2017 inali ndi anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, omwazikana, ndipo alangizi a kumidzi otchedwa APE amayenda mitunda italiitali. Machinga linali limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, pamene Mozambique inayamba mu 2024, ku Zambézia. Mwana wa pa Nayuchi ndi msuweni wake wa pa Entre Lagos amalumidwa ndi udzudzu wa dambo limodzi, koma chitetezo sichinawafikire nthawi imodzi.

Ndiye dziko lokhala ndi muyezo wotsika wa imfa ndilo lathanzi?

Osati nthawi zonse. Ku Japan ndi ku Germany anthu oposa 12 pa 1,000 anamwalira mu 2022, kuposa muyezo wa Mozambique wa mu 2017, chonsecho ku Japan khanda limayembekezera zaka 84. Kumeneko kwadzaza okalamba, pamene ku Mozambique pafupifupi theka la anthu sanafike zaka 15. Poyerekeza mayiko, yang'anani imfa za ana, za uchembere, ndi zaka zoyembekezeka.

Manambala amenewa tiwakhulupirire mpaka pati?

Akhulupirireni pa kumene akulozera, osati pa kadontho kalikonse. Chitsanzo ndi uchembere. Kalembera wa mu 2007 anapeza amayi 500 pa ana 100,000 obadwa amoyo, IDS ya mu 2011 inapeza 408, kalembera wa mu 2017 anapeza 452, ndipo IDS ya 2022 mpaka 2023 inapeza 233. Sikuti imfa zinatsika, n'kukwera, kenako n'kugwa ndi theka m'zaka zisanu. Kalembera amafunsa funso lina, IDS imafunsa lina, ndipo IDS imapeza imfa za uchembere zochepa chabe m'makomo amene yafunsa, moti nambala yake ingathe kusuntha kwambiri uku ndi uku. Ngati wandale watenga 452 ndi 233 n'kuziika pamodzi kuti adzitamande, wasakaniza miyezo iwiri. Yerekezani kalembera ndi kalembera mnzake, IDS ndi IDS inzake. Mukatero muona kuti zatsikadi, ndiponso kuti mwana wa mayi wosaphunzira, wa kumudzi, wobadwa pasanathe zaka ziwiri mkulu wake atabadwa, ndi amene ali pachiopsezo chachikulu m'kafukufuku aliyense.

Vuto lina ndi la mwini thumba. Kafukufuku wa IDS, monga mnzake wa ku Malawi, ankalipiridwa kwakukulu ndi boma la America kudzera ku USAID, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025, nthawi yomwenso thandizo la mankhwala a HIV ndi malungo linagwedezeka. Ndiye kuti pa nthawi imene imfa zingathe kukweranso, chida chozionera nacho chafooka. Kalembera wotsatira wa Mozambique akuyembekezeka mu 2027.

Kulembetsa imfa kuli ndi phindu lanji kwa banja losauka?

Chiphaso cha imfa ndi chimene mayi wamasiye amafunsidwa akafuna penshoni ya mwamuna wake, ndalama zotsala kubanki, kapena akamateteza munda ndi nyumba kwa achibale olanda chuma. Mwana wamasiye amachifuna pofunsira thandizo la boma. Kwa mabanja a pamalire, amene katundu wawo ali mbali ziwiri, pepalali limafunika kawiri. Mozambique inakonzanso lamulo la kalembera wa kubadwa ndi imfa mu 2018 kuti kulembetsa kuzichitika pa kompyuta ndiponso kuti azaumoyo ndi atsogoleri a m'midzi azitha kupereka uthenga wa imfa; ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau. Phindu lina silioneka pakhomo. Okonza bajeti ku Lichinga ndi ku Maputo amagawa anamwino, maambulansi ndi mankhwala poyang'ana manambala amene ali nawo, ndipo dera limene ana ake amamwalirira panjira osalembedwa limaoneka pa pepala ngati dera lopanda vuto.